Ndinathawa Tomato ku Lizulu, Ndinakamupeza ku Toronto

Ndinachoka kwathu chifukwa cha tomato. Anthu akandifunsa ndimati ndinkafuna sukulu, koma tisanamizane, chinandithamangitsa ndi tomato. Bambo anga amalima tomato m'dimba kufupi ndi Lizulu, bambo awo ankalimanso yemweyo, ndipo ubwana wanga wonse unathera pamsewu, kuthamangira mabasi ndi mbale m'manja. Nditamaliza dipuloma ya makompyuta ku Blantyre ndinkayesa kuti zatha. Kutha kuti? Zaka ziwiri ndili pakhomo, ntchito osaoneka, m'mawa keni m'manja, masana pamsewu. Tsiku lina mnzanga wa kukoleji anandiona ali pawindo la basi, atavala tayi. Anagula mulu umodzi osanenerera mtengo, osapempha basera, n'kundisiyira chenji. Chenji chimenecho chinandiwawa kuposa mbama. Tsiku lomwelo ndinayamba kulemba makalata ofunsira malo kusukulu zakunja.

Malo anapezeka kukoleji ina ku Oshawa, kum'mawa kwa Toronto. Bambo anagulitsa ng'ombe ziwiri ndi ngolo, osadandaula. M'mawa wa tsiku lonyamuka ndinapita kudimba kukatsanzika, n'kuwapeza akumangirira tomato kutimitengo ndi luzi. Osaweramuka n'komwe anati, "Maliko, zikakakuvuta kumeneko usakachite manyazi, ubwere. Dimba lilipo." Ine ndine munthu wapakamwa, ndi chilema changa kuyambira kale. Ndinati, "Bambo, ine sindidzafera m'matope a tomato ngati inu." Anangodula luzi ndi mano n'kusunthira pa mtengo wina. Mawu amenewo ndinakwera nawo ndege, ndipo anakhala pakati pa ine ndi bambo zaka zisanu ndi zitatu.

Kuzizira ndinkati ndimakudziwa, mwana wa ku Ntcheu. Kwathu kuja n'kusewera. Ndinkagona m'kachipinda ka pansi pa nyumba ya munthu, kawindo kake kongoonetsa nsapato za anthu odutsa. Sabata inkatha osalankhula Chichewa ndi munthu, mpaka ndinayamba kudziyankhulira ndekha pochapa, kudzifunsa n'kudziyankha ngati wopenga. Ndalama zinatha m'miyezi itatu. Amene anandipulumutsa ndi a Yusufu, bambo wa ku Mangochi yemwe ankayendetsa galimoto yogawa ufa m'malesitilanti. Tinakumana m'sitima, anandimva ndikuyankha foni m'Chichewa. Anati, "Achimwene, mbale mungatsuke? Pali Ataliyana ena akufuna munthu. Amalalata, koma ndi anthu." Ndinapita mawa lake. Nditangolowa khomo la kukichini, chinthu choyamba kuchiona anali mabokosi a tomato, osanjikizana mpaka kudenga. Ndinaseka ndekha, kuseka kowawa. Ndinati Mulungu inu, nthabwala zanu n'zoopsa.

Kumudzi sindinanene. Ndinawauza kuti ndapeza ntchito ya makompyuta muofesi. Loweruka lina ndinavala jekete, n'kupita kutauni kumene kuli nyumba zazitali za mabanki, n'kupempha munthu wodutsa kuti andijambule. Zithunzizo ndinkatumiza kwa mlongo wanga Esinati, amene ndiye ankasunga foni pakhomo. Ndalama ndinkatumiza mwezi ndi mwezi, ndipo nthawi zonse ndinkawonjezera kamawu: muwauze bambo apume, za dimba azisiye. Ndi bambo enieniwo macheza athu anali a mphindi imodzi. Muli bwanji, tili bwino, mvula bwanji, ikugwa, nayu mlongo wako. Koleji ndinamaliza, mapepala anga okhalira m'dzikomo anakhala bwino, koma ntchito ya makompyuta sinabwere, ndipo kunena zoona ndinasiya kuifunafuna. Kuchoka pa mbale ndinapita podula anyezi, kuchoka pamenepo ndinafika pamoto. Panopa kichini ija ndimatsegula ndine.

Lesitilantiyo ndi yaing'ono, matebulo khumi ndi anayi, pamsewu wodutsa timasitima ta mumzinda wa Toronto. Mwini wake anali mdala Salvatore, wamfupi, wamanja akuluakulu, amene ankandiitana kuti Marco kuyambira tsiku loyamba. Woyendetsa zonse anali mwana wawo wamkazi, a Rosa. Khoma la kumanzere ndi lodzaza zithunzi, ndipo mdalayo akakugwira pamkono, usayembekeze kuchoka usanamve mbiri yonse. Sitima ya pamadzi iyi ndi imene inawabweretsa kuchokera kummwera kwa Italy ali ndi zaka zisanu ndi zinayi. Awa ndi bambo awo, ankakumba ngalande za mumzinda uno, ali m'matope mpaka m'chiuno. Awa ndi mayi awo, ankaphikira amuna omanga nyumba amene ankagona pakhomo pawo, asanu ndi atatu m'zipinda ziwiri, ndipo lesitilanti inayambira pa tebulo limenelo. Chinkandidabwitsa n'chakuti chithunzi cha m'matope chija anachiika pakati penipeni, pamene aliyense wolowa amayambira kuyang'ana. Ine ndikanachibisa pansi pa matilesi.

Nkhani imene ankaikonda kwambiri inali ya njere. Mayi awo pochoka kumudzi anasokera njere za tomato m'mpendero mwa chikhoti. Tomato wake ndi wamtali, wa mizeremizere, wosaoneka bwino, pa Lizulu palibe angamugule. Koma mkati ndi nyama yokhayokha. Chaka ndi chaka mdalayo ankamulima kuseri kwa nyumba yake, ndipo chakudya chimodzi chokha pa lesitilanti chinkaphikidwa ndi tomato ameneyo, pasita yokulunga pamanja, miyezi iwiri yokha pachaka. Anthu ankachokera ku Oakville, tauni ina ya kunja kwa Toronto, kudzadya chimenecho. Sabata yoyamba ya Seputembala lesitilanti inkatsekedwa masiku awiri, banja lonse n'kusonkhana m'galaja ya mdala kuphika tomato ndi kumuthira m'mabotolo. Chaka chachitatu anandiitana. Ndinapeza a Tony, mwana wawo wamwamuna amene ndi dokotala wa mano, atavala kabudula wong'ambika, akupukusa tomato pamakina, msuzi mpaka m'zigongono, bambo awo akuwakalipira ngati mwana wa sitandade wani. Ndinaima pakhomo kukamwa yasa. Dokotala wathunthu.

M'mundamo ndinaona chinthu china. Pa tomato wina, wochepa chabe, panali pomangidwa tinsanza tofiira. Sindinafunse, chifukwa ndinkadziwa. Bambo anga amamanga luzi. Ameneyo ndi wa mbewu, munthu sakhudza ngakhale ndiwo zisowe. Ndinatembenuka msanga kuti mdala asaone kuti ndazindikira. Nayenso ndinali nditamuuza kuti bambo anga ndi wabizinesi.

Chaka chachisanu ndi chiwiri, kumapeto kwa Seputembala, mdala Salvatore anagwa m'bafa, anachita sitiroko. Banja lonse linali kuchipatala. Patatha sabata ndi theka wailesi inalengeza kuti chisanu chowaula mbewu chikubwera. A Rosa anathamangira kumunda wa bambo awo n'kuthyola zonse, zakupsa ndi zosapsa, kuthira m'mabokosi awiri. M'mawa ndinawapeza m'kichini, maso ofiira, mphika waukulu uli kale pamoto. Anati, "Marco, tiphike onse lero, tiike m'mabotolo. Mwina ndi omaliza." Pansi pa bokosi ndinaona tinsanza tofiira titatu tosomphoka. Mtima unangoti phaa. Ndinafunsa, "A Rosa, nanga wa mbewu ali kuti?" Anati mbewu ili m'chitini, m'chipinda cha pansi kunyumba kwa bambo. Ndinawapempha kuti aimbire a Tony akayang'ane tisanadule chilichonse. A Tony anaimba patatha ola. Mvula ya mu Julaye inalowetsa madzi m'chipindamo, chitini chinali pansi, njere zonse zinachita nkhungu, zakuda bii. Mbewu imene inawoloka nyanja m'chikhoti inatsala m'mabokosi awiri aja basi, ndipo mphika unali ukuwira.

A Rosa anakhala pa thumba la ufa n'kuyamba kulira. Anati, "Bambo ankachita okha, palibe wa ife anaphunzira. Tinkati adzakhalapo." Ndinazimitsa moto. Ndinati, "Ine ndikudziwa. Bambo anga ndi mlimi wa tomato." Aka kanali koyamba kuwatchula mawu amenewa m'dziko la Canada, ndipo anatuluka mosavuta, ngati anali kudikira pakhomo.

Koma kudziwa kwanga kunali kwa theka. Ndili mwana ntchitoyi ndinkaigwira ndikung'ung'udza, maso ali kumsewu. Ndinkakumbukira kufinya, ndinkakumbukira phulusa, zapakati ayi. Pa intaneti aliyense ankanena zake, ndipo mbewu ya zaka zonsezo si yoyesera. Safunsa anadya phula. Ndinatuluka kuseri kumene timataya zinyalala, n'kuimbira Esinati. Kwathu kunali masana. Ndinati apititse foni kudimba. Ndinkamva mapazi ake m'njira, ine thukuta kamukamu ngakhale kunja kunali kozizira.

Atandipatsa bambo, bodza linabwera lokha. "Bambo, pali mnzanga wa kuofesi kuno, ali ndi kadimba kuseri kwa nyumba. Akufunsa kasungidwe ka mbewu ya tomato."

Anafunsa kuti, "Mnzakoyo tomato wake ndi wa m'mapaketi kapena wamakolo?"

"Wamakolo. Anabwera ndi agogo ake."

"Aa, ndiye ndi munthu ameneyo. Tamvera."

Analankhula pafupifupi ola lathunthu, bambo amene pa zaka zisanu ndi ziwiri sanadutsepo mphindi imodzi. Usasankhe wamkulu, sankha wofanana ndi mtundu wake, wakupsa mpaka kumchira, wolemera m'manja, wopanda chakuda kumunsi. Ufinyire m'mbale yadothi kapena botolo, osati chitsulo. Usatsuke, usiye ndi madzi ake omwewo pamalo ofunda mpaka pamwamba payere. Potsuka, zoyandama utaye, zimenezo ndi mphwephwa, zomira ndizo mbewu. Uyanike pamthunzi, pa chiguduli, dzuwa limapha. Ikauma uisakanize ndi phulusa la nkhuni. Ndinkalemba pa katoni ya anyezi ndi cholembera chonenepa.

Ndinasankha tomato khumi ndi awiri. M'kichini ya lesitilanti simungasungidwe zinthu zowola, ndiye botolo ndinakwera nalo sitima mpaka ku Oshawa, nditalikumbatira ngati khanda. Tsiku lachitatu kachipinda konse kananunkha, mwini nyumba anagogoda kufunsa ngati mwafera khoswe. Nditaona zoyera pamwamba ndinaganiza kuti ndaononga zonse. Ndinaimbanso. "Bambo, zikununkha ngati masese ogonetsa. Mnzanga uja ali ndi mantha." Anaseka, kuseka kumene ndinali nditaiwala. "Muuze mnzakoyo mtima ukhale m'malo, zapsa bwino. Atsuke lero lomwe, akachedwa zimerera m'madzi momwemo." Phulusa ndinakatapa mu uvuni wathu wa nkhuni umene timaotchera pitsa.

Mdala Salvatore anatuluka m'chipatala ali pa njinga ya olumala, dzanja lamanja lofa, mawu olemera. M'mwezi wa Epulo ndinafesa njere m'timakapu pawindo la a Rosa. Masiku asanu ndi limodzi palibe kanthu, ine kudya osakoma. Tsiku lachisanu ndi chiwiri tinaona timitu tobiriwira. Tinanyamula thireyi yonse kupita nayo kwa mdala n'kuiika pamiyendo pake. Anafikisa tsamba ndi zala za kumanzere, n'kununkhiza, misozi mbwe mbwe. Kenaka anandiyang'ana. Mawu ankatuluka limodzilimodzi. "Marco. Ndani. Anakuphunzitsa." Ndinawauza zonse, za dimba, za mabasi, za ofesi yabodza, ngakhale mawu aja ndinanena tsiku lonyamuka. Anandimenya pamkono ndi dzanja lamoyo lija, ndipo linali likadali lamphamvu. Anauza a Rosa china chake m'Chitaliyana. A Rosa anati, "Akuti ndiwe chitsiru. Akutinso akufuna chithunzi cha bambo ako chikhale pakhoma paja, pafupi ndi cha agogo. Akuti wopulumutsa mbewu ndi wachibale."

Ndinafufuza m'foni yanga monse. Zithunzi za ine pa mabanki zinalimo zambirimbiri, cha bambo panalibe ndi chimodzi chomwe. Ndikanatha kuuza Esinati kuti ajambule atumize, koma akanafunsa kuti cha chiyani, ndipo chilungamo chimenecho sichinali cha pafoni. A Yusufu nditawauza anati, "Achimwene, mwachedwa kale. Bambo anu ali ndi zaka zingati? Gulani tikiti." Ndinadikira kuti tomato uja abereke, tiphike pasita ija, anthu a ku Oakville adye, ndipo mu Okotobala ndinakwera ndege.

Pa Lizulu ndinatsika ndi masutikesi awiri. Ana ogulitsa anandizungulira, bwana tomato, bwana kabichi, ndipo palibe anandidziwa. Pakhomo ndinapeza malata atsopano, amenewo ndalama zanga, koma dimba limene ndinkati alisiye linali litakula kawiri, lili ndi pampu yopondaponda. Bambo anali atachepa thupi, maso atayamba kuchita ng'ala, akuyenda ndi ndodo. Ankapitabe kudimba tsiku ndi tsiku, koma wolamula anali Esinati. Ndiye ankadziwa mavenda a ku Lilongwe ndi a ku Blantyre, ndiye ankasankha wa mbewu, botolo la njere linali m'chipinda chake. Ndisaname, m'ndege ndinkadziona ngati mwana wobwera kudzatola za makolo zisanatayike. Ndinapeza zili ndi mwini kale, ndipo akuzigwira bwino kuposa mmene ine ndikanachitira.

Masiku awiri ndinkangozungulira. Kugawa mphatso, kulonjera alendo, kuyankha kuti inde kuofesi kuli bwino. Tsiku lachitatu m'mawa ndinatsatira bambo kudimba. Anakhala pa chidebe chovundikira, Esinati akupalira chapafupi. Ndinanjuta pambali pawo. Iwo ndiwo anayamba.

"Mnzako uja, mbewu yake inamera?"

"Inamera, bambo. Inabereka." Kenaka ndinawonjezera kuti, "Koma kunalibe mnzanga. Ndinali ine. Sindigwira muofesi, sindinagwiremo n'kamodzi komwe. Ndimaphika mulesitilanti ya Ataliyana. Tsiku lililonse ndimagwira tomato."

Ndinkadikira kuti dziko ligwedezeke. Bambo anangogwedeza mutu. "Ndinadziwa tsiku lomwe lija. Mawu ako ankanjenjemera. Munthu sanjenjemera chifukwa cha mbewu ya mnzake."

Esinati anatsamira khasu, akuseka. "Achimwene, ife tinadziwa kalekale. Zithunzi zanu zonse muli panja pa ofesi, manja m'thumba. Ofesi yanji yopanda mkati?"

"Nanga osanena bwanji?"

"Bambo anati musiyeni, bodza likadzamulemera adzalitula yekha."

Manyazi anandigwira, koma mpumulo unali waukulu kuposa manyaziwo. Ndinagwada pansi ndithu, thalauza la ku Canada lili m'dothi. Ndinati, "Bambo, mawu aja ndinanena pochoka, ndinalakwa. Mundikhululukire." Sanathamangire kunena kuti palibe kanthu. Anati, "Anandipweteka, Maliko. Ndikanama ndikati ayi. Ng'ombe sizinandiwawe, koma mawu aja ndinadwala nawo chaka chonse." Anafufuza dzanja langa n'kuligwira, kupapasa zipsera za moto ndi za mpeni. "Koma unaimba. Mavuto atakupeza sunaimbire aphunzitsi ako, unaimbira ine. Ndinakukhululukira tsiku limenelo. Dzuka."

Ndinawafotokozera za mdala Salvatore, za chikhoti, za khoma, ndi chimene ndinabwerera. Ndinati ndawagulira suti, akavale tijambule. Anakana. "Ngati ndi anthu a tomato, akandione mmene ndilili. Esinati, siya khasu, bwera uime apa. Akaonenso wosunga mbewu." Esinati anathyola tomato atatu n'kuwapatsa, iwo anaimika msana, ndodo anaponya kumbali. Ndinajambula kasanu, chifukwa maso anga sankaona bwino.

Zaka zisanu ndi zitatu ndinkayesa kuti ndikubisa chinthu chimene chikanachititsa manyazi kwathu. Manyaziwo anali anga ndekha, pakhomo pathu panalibe ndi mmodzi yemwe anali nawo. Tikumaliza kujambula, kudimba loyandikana nalo kunadutsa a Ngozo, mnzawo wa bambo, atasenza keni. Bambo anga ndi munthu wofatsa, chibadwire sindinawamvepo akukweza mawu. Koma anaitana mpaka madimba onse anamva. "A Ngozo, taimani. Mukumuona mwana wangayu? Amaphikira azungu tomato ku Canada. Mbewu yawo ya makolo inkatha, inapulumukira m'dimba muno, pafoni."

A Ngozo anatula keni n'kubwera kudzandigwira chanza ndi manja awiri. Bambo anayambiranso nkhaniyo pachiyambi, osadumpha kalikonse, akudzitama ndi ntchito yomwe ija ndinawabisira.